Mmene Anasudzulira a Kalisto

Lilongwe, 10 Malichi 2025

Okondedwa ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mng'ono wanga Alile. Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chagwira hositelo yonse. Ndalemba kalata monga tinagwirizana, poti foni ku Mphunzi imagwira pachulu cha pamjigo pokha, ndipo inu munati simungacheze ndi mwana wanu amayi onse otunga madzi atatchera khutu. Ndizipatsira a Flossie a kumudziko akabwera kumsika kuno ndi kachewere wawo Lachiwiri.

Temu ino atiwonjezera phunziro lachilendo, la kulankhulana ndi kugwira ntchito pagulu. Poyamba ndinaseka. Ine ndinabwera kuyunivesite kudzaphunzira ulimi wothirira, ndiye andiphunzitsenso kulankhula, pamene malemu amayi ankati ndinabadwa ndikulankhula kale?

Koma tamvani zimene zachitika. Anatigawa m'magulu, gulu lililonse n'kulipatsa ntchito yodzaonetsa pamaso pa kalasi. M'gulu lathu muli mnyamata wa ku Mchinji, dzina lake Dennis, amene tikakumana ankangokhala duu. Tonse tinati ndi waulesi, ndipo tinapita kukamuneneza. Aphunzitsi anatibweza. Anati tikakhale pansi, aliyense afunsidwe poyera chimene akufuna ndi chimene chikumuvuta, ndipo pasakhale womudula mnzake mawu. Titatero tinapeza kuti Dennis ali ndi chibwibwi, ndipo tsiku loimirira kutsogolo kwa kalasi linkamusowetsa mtendere. Tsopano ndiye amatijambulira zithunzi, ndipo palibe gulu lotiposa. Ndinachita manyazi, ababa. Tinamuda munthu nthawi yonseyo chifukwa chongosamufunsa.

Ndiuzeni za kumudzi. Chimanga chacha? Alile akudyabe movutikira? Chimwalirireni amayi mu Ogasiti simunandiuzepo mmene inuyo mukukhalira, mumangoti zili bwino. Tsopano ndaphunzira kufunsa, ndiye konzekani.

Ndine mwana wanu,
Pilira


Mphunzi, 17 Malichi 2025

Mwana wanga Pilira,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti uli moyo. Chimfinecho uzimwera madzi a mandimu. Ife kuno tili bwino. Chimanga chacha, ngakhale cha kumtunda chinavutika ndi mbozi. Alile walowa kwaya ya ana kutchalitchi, choncho m'nyumba mwayambanso kumveka phokoso. Ndinayesa kumusokera yunifolomu itang'ambika, koma anathamangira nayo kwa amayi ako aang'ono, a Magadalena, akuti ndasoka ngati thumba la feteleza.

Za phunziro lakolo ndaseka nanenso. Aphunzitsiwo ndawamvera chisoni, sakudziwa kuti athira mafuta pamoto. Mnyamata wachibwibwiyo umupatse moni wanga.

Wafunsa mmene ndikukhalira. Ndimadzuka, ndimapita kudimba, ndimabwerako. Lamulungu tikatuluka mu Misa ndimadzera kumanda kukazula udzu. Madzulo ndiye amatalika.

Atsibweni ako a Linus anabwera Loweruka atasenza thumba la mbewu ya kachewere, yofiira yawo ija, n'kukalitula kudimba. Anayendera dimba lonse mpaka kumtsinje, anaima pang'ono, kenaka anati, "Alamu, mvula ikangosiya mubzale iyi." Basi, anapita. Ukuwadziwa atsibweni ako, mawu awo amachita kuwerenga.

Anthu ena amandifunsa kuti za kusudzula zichitika liti. Ndimangowayankha kuti eni mudzi sananene kanthu. Iwe limbikira sukulu.

Ndine bambo wako,
Kalisto


Lilongwe, 24 Malichi 2025

Ababa,

Moni kwa inu ndi Alile. Kalata yanu yandisowetsa mtendere, ndipo sindikubisirani.

Amayi ali moyo, atsibweni sanatipatsepo ngakhale mbewu ya therere. Lero asenza thumba lathunthu n'kuyendera dimba mpaka kumtsinje ngati munthu woyeza malire. Inu simukuona? Chaka chino mbewu ndi yawo. Chaka chamawa adzati zokolola ndi zawo, kenaka adzakumbutsa anthu kuti nthakayo ndi ya mlongo wawo. Dimba limenelo munaliswa ndinu, pamalo pamene panali bango lokhalokha.

Ndikudziwa kuti ndinu mkamwini. Ndikudziwanso kuti mkazi akamwalira, ankhoswe a mbali ziwiri amakumana n'kumusudzula mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo. Koma kwanu n'kuti, ababa? Kuphiri ku Dedza munachokako ine ndisanabadwe. Nyumba mwamanga ku Mphunzi, manda a amayi ali ku Mphunzi, Alile ali ku Mphunzi. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzabwera kutchuthi n'kupeza mulibe.

Chimene chikundipweteka n'chakuti aliyense wangokhala chete, ngati mmene tinkachitira ndi Dennis. Chete chete sautsa nyama. Aphunzitsi athu amati nkhani ikakhala ya anthu ambiri, uthenga uzifika kwa onse mofanana, kuti wina asamve za m'maluwa. Choncho ndaganiza zolembera atsibweni pamodzi ndi akulu anu a Zefaniya, poti ndiwo nkhoswe yanu, kuti akhale pansi, aliyense anene chimene akufuna, zidziwike kuti simukuchoka.

Ndidikira yankho lanu Lachiwiri la sabata yamawa. Ndikapanda kulandira kanthu ndidziwa kuti mwalola, chifukwa ndimakudziwani, pakamwa panu sipatuluka eya kapena ayi.

Mwana wanu,
Pilira


Lilongwe, 1 Epulo 2025

Kwa atsibweni a Linus ku Mphunzi, ndi kwa bambo aakulu a Zefaniya kuphiri ku Dedza,

Ndikupereka moni mwaulemu kwa inu nonse ndi mabanja anu. Kalata iyi ndailemba kawiri, mawu ake amodzimodzi, kuti pasakhale wina womva zosiyana ndi mnzake.

Ndine mwana, ndipo mundikhululukire polowa nkhani ya akuluakulu. Chimwalirireni amayi anga a Rute, palibe amene wanena za tsogolo la ababa. Iwo sakudziwa pamene aima, ndipo ife ana awo tikukhala mwamantha. Ndikupempha kuti inu ankhoswe a mbali zonse ziwiri mukumane, nkhaniyi ikambidwe poyera, ithe. Pempho langa ndi lakuti aliyense afunsidwe chimene akufuna, kuyambira ababa eni ake, ndipo wolankhula asadulidwe mawu.

Ine maganizo anga ndi akuti ababa akhale pamene ali. Mukapangana tsiku mundiuze, ndidzayesetsa kupezekapo.

Ndine mwana wanu,
Pilira


Mphunzi, 30 Malichi 2025

Pilira,

Tili bwino. Ndalemba mofulumira kuti kalatayi ikupeze Lachiwiri.

Usalembere munthu aliyense. Makamaka a Zefaniya usawalembere. Nkhani imeneyi isiye igone pamene yagona. Ndikanakuimbira foni, koma ukudziwa wekha kuti pachulu paja sipokambira zoterezi. Atsibweni ako usawaganizire zoipa. Ndidzakufotokozera bwino ukabwera.

Ndamva mantha ako, mwana wanga, ndipo ndathokoza. Koma pano undimvere.

Bambo wako,
Kalisto


Lilongwe, 8 Epulo 2025

Ababa,

Kalata yanu ya pa 30 Malichi yandipeza lero. Sabata yatha a Flossie anali ndi mwana kuchipatala, ndiye kumsika kunabwera amuna awo. Nditawafunsa anati palibe kalata, osadziwa kuti inatsala m'chikwama cha akazi awo. Ine ndinayesa kuti mwalola, ndipo makalata awiri aja ndinawapatsira iwo omwewo. Ya a Zefaniya anati akaipereka kwa kondakitala wa minibasi pa Chimbiya.

Pepani kuti ndachita chimene munaletsa. Komabe musadandaule kwambiri, kukambirana sikunaphepo munthu. Mwina pamapeto pake mudzandithokoza. Pa Pasaka sindibwera, gulu lathu likumalizitsa ntchito ija. Mundiuze msanga akanena tsiku.

Pilira


Mphunzi, 28 Epulo 2025

Mwana wanga Pilira,

Ndine amayi ako aang'ono. Sindizolowera kulemba, koma bambo ako sangakulembere panopa, ndipo sindikufuna uzimve kwa a Flossie. Alile ali bwino m'thupi, akugona kwanga. Bambo ako anasudzulidwa Loweruka, ndipo dzulo titatuluka mu Misa anapita kwawo kuphiri.

Ndikuuza zonse monga zinayendera, chifukwa ndiwe wamkulu tsopano.

Atsibweni ako atalandira kalata yako anabwera nayo kwa ine. Tinagwirizana kuti tichite ngati sinafike. Sitinadziwe kuti inzake inafikadi kwa a Zefaniya. Loweruka m'mawa tinangoona atulukira, atavala jekete, ali ndi alongo awo. Titawayalira mphasa anati, "Tamva kuitana kwanu. Tabwera kudzatenga munthu wathu."

A Linus anati, "Ife sitinaitane munthu."

A Zefaniya anatulutsa kalata yako. Anati, "Mwana walemba apayu ndi wa mtundu wanu, si wathu. Mawu akachokera kwa mwana wa pamudzi pano, achokera pamudzi pano. Kodi nkhoswe ya mwamuna imaitanidwiranji maliro atapita?"

Pamenepo panalibenso kothawira. Ankhoswe akakhala pamphasa sadzuka nkhani ili pakati.

A Zefaniya si munthu woipa. Anati titsate zimene mwana wapempha, aliyense afunsidwe. Anayamba ndi bambo ako. "Kalisto, anthu onse ali pano. Iwe ukufuna chiyani?" Pilira, munthu wa imvi anganene bwanji pamaso pa mkulu wake kuti ndikupempha kukhala pamudzi wa eni? Akanawachititsa manyazi abale awo, ngati kuti kwawo kulibe malo. Bambo ako anati, "Ine ndimvera akuluakulu."

Kenaka anafunsa a Linus. Iwo akanati alamu akhale, a kuphiri akanati tikumangirira munthu wamphamvu zake pamanda kuti azitilimira. A Linus anati, "Ife sitimanga munthu."

Potsiriza anafunsa ine. Ukudziwa kuti amuna anga anapita ku Joni kalekale osabweranso. Ndikanangoti alamu asachoke, dzuwa lisanalowe pamjigo akanati Magadalena wapeza polowera m'nyumba ya mkulu wake. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi kulira. A Zefaniya anati, "Ndiye kuti palibe wotsutsa." Anthu atatu ofuna kuti bambo ako akhale, iwo eni, a Linus ndi ine, tinawasudzula ndi pakamwa pathu.

Titangoika maliro a amayi ako, ine ndi a Linus tinapangana kuti mawu akuti kusudzula asadzatuluke pakamwa pa aliyense. Chaka chipite, china chipite, mpaka anthu atope n'kufunsa. Bambo ako anazindikira, ngakhale sitinawauze. Mbewu ija unaiona ngati msampha, koma munthu amene ukufuna kuti achoke sumupatsa mbewu. Atsibweni ako sakanatha kunena mwanjira ina. Mwina tinalakwa osakuuza, tinkakuona ngati mwana.

Ndinafuna kulemba kuti sindikukudzudzula, koma ndife akhristu, tisanamizane. Ndakukwiyira. Ndadzikwiyiranso ndekha, chifukwa mawu anali awiri okha ndipo ndinalephera kuwanena. Atsibweni ako chichokereni bambo ako sanatuluke m'nyumba.

Anatenga njinga, bulangeti ndi sowo yawo yakale. Zina zonse anati n'za ana. Kudimba anali atabzala theka. Alile anakana kutsanzikana nawo, anakabisala kuseri kwa tchalitchi mpaka atapita.

Bambo ako anandiuza kuti usabwere mpaka utamaliza mayeso. Uwamvere ulendo uno.

Amayi ako aang'ono,
Magadalena


Lilongwe, 5 Meyi 2025

Ababa,

Sindikudziwa poyambira. Moni ndingapereke bwanji kwa munthu amene ndamuchotsa pakhomo pake? Kalatayi ndipempha a Flossie kuti aipereke kwa kondakitala yemwe uja. Ndalemba dzina lanu pa envelopu, pansi pake n'kulemba kuti kwa a Zefaniya, ndipo dzanja linakana kupitiriza.

Amayi aang'ono andiuza zonse. Mtima wanga wasweka, ababa. Ndinkaopa kubwera kutchuthi n'kupeza mulibe, ndipo ndachititsa ndekha kuti zitero. Munandiletsa, ine n'kukuyankhani kuti mudzandithokoza. Mawu amenewo akundiwawa tsiku lililonse.

Lachisanu tinaonetsa ntchito yathu ija. Pamapeto pake Dennis anaimirira yekha, popanda womukakamiza, n'kufotokoza chithunzi chimodzi. Anavutika, koma anamaliza, ndipo kalasi yonse inaomba m'manja. Aphunzitsi anatchula ine kuti ndine amene ndathandiza gulu kumvana. Ndinatuluka panja kukalira. Anzanga anayesa kuti ndi chimwemwe.

Mutu wanga wasokonezeka. Zimene tinachita ndi Dennis zinali zoona, ndinaziona ndi maso anga. Nanga bwanji mankhwala omwewo apha kwathu? Ndinkaganiza kuti munthu aliyense wokhala chete akudikira wina womufunsa.

Ndiuzeni chochita. Ndipite kwa a Zefaniya ndikagwade, ndikanene kuti kalata ija inali ya mwana wopusa, aiiwale. Ndikhoza kupita ndi abambo a kuparishi ngati kungathandize. Sukulu ndingathe kuisiya kaye. Koma poyamba mundiyankhe inu nokha, pano palibe ankhoswe, palibe womvera. Mukufuna kubwerera ku Mphunzi?

Mwana wanu,
Pilira


Kuphiri, Dedza, 18 Meyi 2025

Mwana wanga Pilira,

Kalata yako yafika. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizira kuposa ku Mphunzi, nkhungu imatsika m'mapaini mpaka pakhomo. A Zefaniya andipatsa kanyumba kamene kanali ka mwana wawo asanakwatire. Akundisunga bwino. Anthu a msinkhu wanga ambiri anamwalira kapena anapita kuchikamwini, ndiye ana a pano amanditcha agogo a ku Mphunzi. Dzana kamtsikana kena kanandifunsa kuti ndibwerera liti kwathu.

Wandifunsa, ndipo ndikuyankha. Eya, ndinkafuna kukhala. Ndikufunabe. M'mawa ndikadzuka miyendo imafuna kulowera kudimba, ndiye ndimangokhala pakhonde mpaka dzuwa litakwera. Lamulungu ndi limene limandivuta kwambiri, chifukwa tikatuluka mu Misa ndilibe kodzera. Ndimawasowa amayi ako, ndipo kuno palibe amene ankawadziwa bwino woti ndingawatchule naye.

Koma usapite kwa a Zefaniya, ndipo abambo a kuparishi usawavutitse. Madzi akatayika saoleka. Munthu wosudzulidwa akabwerera kukakhala pamudzi paja, amayi ako aang'ono sangayendenso mutu uli m'mwamba, ndipo ndiwo akulera Alile. Sindingawalipire choncho.

Za kusiya sukulu usadzazinenenso. Ukatero ndiye kuti ndaluza kawiri. Aphunzitsi ako sanakunamize, ndipo mnyamata uja munamuchitira zabwino. Ifenso akuluakulu tili ndi mbali yathu. Tinakhala anthu atatu pamphasa, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe.

Sindinakukwiyire. Ndinayesa masiku oyamba, koma zinakanika. Pa anthu onse a pamudzi paja, ndiwe wekha amene unalemba ndi dzanja lako kuti ababa akhale pamene ali. A Zefaniya atawerenga mawu amenewo pamaso pa anthu, ndinafuna kuti nthaka indimeze ndi manyazi, komabe ndinawamva.

Ukatsekera, usapitirire ndi minibasi kubwera kuno. Utsike pa Chimbiya monga mwa masiku onse, upite ku Mphunzi. Kwanu ndi kumeneko, ndipo Alile akufunika mkulu wake. Ukawapatse moni atsibweni ako, ukadye nawo, asaone ngati pali chidani. Makiyi a nyumba ali ndi a Magadalena. Denga la kuchipinda kwanu likudontha pakona ya kum'mawa, upeze munthu alikonze mvula isanabwere.

Ukafika unditumizire mawu, ndidzabwera kudzakuonani. Uwadziwitse atsibweni ako tsikulo lisanafike, ndi mmene zimayenera kukhalira tsopano. Ndidzabwera m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Alile umuuziretu kuti ndikadzafika ndidzaima pabwalo n'kunena kuti odi, ndipo ndidzadikira mpaka wina andilowetse. Umufotokozere bwino, asadzadabwe.

Ndine bambo wako,
Kalisto